Masiku asanu pa Santorini: kusankha galimoto ya hayala ya maola ochepa

Lolemba, ku Fira

Sitima ya Blue Star yochokera ku Piraeus, doko la mzinda wa Athens, imatenga maola pafupifupi 8 kuti ifike pa doko la Athinios pa chilumba cha Santorini ku Greece, ndipo ola lomalizalo ndi limene limamuonetsa munthu mmene chilumbachi chinakhalira. Sitima imalowa m'chidzenje cha phiri lomwe linaphulika zaka pafupifupi 3,600 zapitazo, nyanja n'kudzazamo. Kumanzere kuli chikhoma cha thanthwe, chakuda pansi, chofiira pakati, choyera pamwamba, chotalika mamita 200 mpaka 300. Midzi yotchuka ija, Oia, Imerovigli, Firostefani ndi Fira, yonse ili pamwamba pa chikhomacho, yoyera mbee ngati ufa wotayikira m'mphepete mwa lichero. Aliyense wofuna kubwereka galimoto ndi dalaivala kuno kwa maola anayi kapena asanu ayambe waganizira za chikhoma chimenechi, chifukwa ndi chimene chimadya nthawi. Chilumba chenichenicho n'chaching'ono, makilomita pafupifupi 18 kuchokera kumpoto kufika kummwera.

Sabata ino tikuyenda ndi wotchi m'manja, kuyeza njira zimene makampani a hayala amagulitsa. Tikuganizira makamaka awo obwera pa sitima zikuluzikulu za alendo, omwe amangopatsidwa tsiku limodzi, ndi awo ogona usiku umodzi kapena uwiri.

Madoko alipo awiri, ndipo ambiri amasokonezeka pomwepa. Athinios lili ndi msewu wokhotakhota wokwera chikhoma, mabasi ndi magalimoto amafikako. Doko lakale, lomwe lili kunsi kwa Fira, lilibe msewu ngakhale umodzi. Sitima zikuluzikulu sizikocheza pagombe. Zimaima pakati pa madzi, anthu n'kumatsika pa maboti a eni chilumba, monga Ilala imachitira pamalo opanda jeti. Amene anagula ulendo wa basi kudzera pa sitima yomweyo kawirikawiri amapita nawo ku Athinios kumene mabasi akuwadikira. Amene anakonza ulendo wawo paokha amawatsitsa pa doko lakale. Choncho dalaivala wanu sangakutengeni pagombe. Mukumana naye pamwamba, ku Fira.

Kukwera pamwambapo pali njira zitatu. Yoyamba ndi cable car, tizipinda tolendewera pa waya, tomwe tinayamba kuyenda mu 1982 ndi thandizo la Evangelos Nomikos, mwini sitima wa konkuno. Timayenda tisanu ndi kamodzi pamzere, kalikonse anthu asanu ndi mmodzi, ndipo timakwera mamita 220 m'mphindi zitatu. Tikiti ndi 10 euro ulendo umodzi. Pa ola timanyamula anthu pafupifupi 1,200. Werengerani nokha: sitima ziwiri zikatsitsa anthu 5,000 m'mawa umodzi, mzere umatalika bwanji. Njira yachiwiri ndi masitepe oposa 580, mphindi 30 mpaka 40 kwa munthu wamphamvu, padzuwa, ndipo miyala yake ndi yoterera ndi ndowe chifukwa abulu amadutsa momwemo. Yachitatu ndi abuluwo. Kuyambira 2018 lamulo limaletsa kuwasenzetsa katundu woposa makilogalamu 100, komabe ife sitilimbikitsa njira imeneyi. Nyamazo zimakwera ndi kutsika tsiku lonse m'dzuwa, ndipo zimakankhira oyenda pansi kukhoma.

Madzulo ano tinaima pa chipata chapamwamba cha cable car kuonerera. Oimira makampani amaima ndi zikwangwani za mayina, mapewa kugundana, m'kanjira koti galimoto singalowe. Kuchoka apo pali kuyenda pansi mphindi zisanu mpaka khumi kukafika pomwe galimoto yaimikidwa. Ngati sitima yanu ikufika 8 koloko m'mawa, musapangane 8:15. Maboti oyamba nthawi zambiri amatenga omwe anagula maulendo a sitima, kuwoloka kumatenga mphindi 10 mpaka 15, kenako mzere uja. Ola ndi theka chifikireni sitima ndi nthawi yoona. Kampani yodziwa ntchito imafunsa dzina la sitima isanatchule ola. Yomwe sinafunse, ikayikireni.

Lachiwiri, njira ya kumpoto

Lero nyumba yosungira zakale ya ku Fira, Museum of Prehistoric Thera, ndi yotseka monga imachitira Lachiwiri, choncho tinalunjika kumpoto.

Pafupifupi kampani iliyonse imayika Oia pa ndandanda yake. Chosiyanitsa ndi ola lomwe akufikitseni. Kuchoka ku Fira ndi makilomita pafupifupi 11, mphindi 20 mpaka 25 msewu ukakhala wopanda anthu. Tinanyamuka 7:45, pofika 8:10 tinali m'kanjira kakakulu ka miyala ya mabo kodutsa pakati pa mudzi. Masitolo anali akutsegula kumene, anyamata akutsitsa makatoni a madzi pamapewa potsika masitepe opita kumahotela. Cha m'ma 10 koloko mabasi akuluakulu ochokera ku Athinios anayamba kukhuthula anthu, ndipo kanjira komweko, kopapatiza mwina mamita awiri kapena atatu, kanasanduka msika wa tsiku la malipiro. Mtunda womwe tinauyenda mphindi zisanu m'mawa unatenga mphindi 20.

Ndiye lamulo lake n'limodzi: ngati muli ndi maola anayi kapena asanu, Oia ikhale yoyamba. Ngati mzere wa cable car wakuchedwetsani mpaka 10:30, uzani dalaivala atembenuze ndandanda, muyambe kummwera, Oia mufikeko cha m'ma 2 kapena 3 masana mabasi atayamba kubwerera. Ubwino wa galimoto yanuyanu ndi umenewu, kuti ndandanda imapindika. Dalaivala akakana kuipinda ndiye kuti mwalipira mtengo wa hayala pa ulendo wa basi.

Ku Oia mukufunika mphindi 75 mpaka 90, osachepera. Madenga a buluu omwe mumawaona pa zithunzi ndi a matchalitchi awiri oyandikana, Anastasi ndi Agios Spyridon. Pojambulira pake ndi kanjira kotsetsereka kolowa munthu mmodzi mmodzi, ndipo masana pamakhala mzere. Malo ozungulira ndi makomo a anthu. Pali zikwangwani zopempha alendo kuti asakwere pa madenga, ndipo n'zomveka: chomwe inu mukuona ngati khonde loyera ndi denga la chipinda chomwe wina akugonamo, chifukwa nyumba zambiri kuno n'zokumbidwa m'thanthwe, ina pamwamba pa inzake. Kumapeto kwa mudzi kuli mabwinja a linga la Agios Nikolaos, pomwe anthu amaunjikana kuonera dzuwa likulowa. Kunsi kwake kuli kagombe ka Ammoudi ndi malo odyera nsomba, masitepe pafupifupi 300 kutsika. Galimoto imatha kufikako pa msewu wozungulira, koma pa ulendo wa maola anayi Ammoudi imadya ola lathunthu.

Za kulowa kwa dzuwa, tinene mosabisa. Mu June ndi July dzuwa limalowa cha m'ma 8:30 madzulo, pakati pa September cha m'ma 7:30. Likangolowa, anthu zikwi zambiri amafuna kutuluka nthawi imodzi pa misewu iwiri yokha, wa kumtunda ndi wa m'mbali mwa nyanja ya kum'mawa. Mphindi 25 zija zimatha kukhala ola. Wokwera sitima yonyamuka usiku womwewo asagule ulendo wothera ku Oia. Dzuwa lomwelo limalowa mokongola ku Imerovigli, kufupi ndi cable car.

Pobwerera tinaima kawiri. Ku Imerovigli mphindi 20 zimakwana kuona thanthwe la Skaros, pomwe panali linga la Avenisi, anthu a ku Venice omwe ankalamulira kuno kale. Kutsikirako n'kubwerera ndi ola lina, siyani. Ku Firostefani kuli tchalitchi cha Katolika cha mabelu atatu ndi denga la buluu, pojambulira pake pali pafupi ndi poimika galimoto, mphindi 15 basi. Kwa agogo kapena amene mawondo amavuta, apa ndi pomwe angapeze chithunzi cha denga la buluu popanda masitepe ambiri.

Lachitatu, njira ya kummwera

Kummwera ndi kumene kusiyana kwa dalaivala ndi wotsogolera alendo kumaonekera, ndipo nkhani imeneyi tiitafune bwino chifukwa ndi yomwe imakhumudwitsa ambiri.

Ku Greece, wololedwa kufotokozera alendo m'kati mwa malo a zofukulidwa ndi m'nyumba zosungira zakale ndi yekhayo amene ali ndi chiphaso cha boma, ndipo amavala baji yake pachifuwa. Dalaivala, ngakhale adziwe mbiri yonse pamtima, amakusiyani pa geti. Zotsatsa zambiri zimalemba kuti dalaivala ndi wotsogolera yemweyo. Zimenezo zikutanthauza kuti azikufotokozerani muli m'galimoto ndi m'midzi. Pa mabwinja a Akrotiri mulowa nokha, pokhapokha mutalipira wachiphaso padera. Funsani musanapereke ndalama.

Akrotiri ndi mzinda womwe phulusa la kuphulika kuja linaukwirira. Spyridon Marinatos anayamba kuufukula mu 1967, anamwalira pamalo pomwepo mu 1974, ndipo Christos Doumas anapitiriza ntchitoyo. Mbali ina ya denga latsopano lotchinga mabwinjawa inagwa mu 2005, malowo n'kutsekedwa mpaka 2012. Lero zonse zili pansi pa denga limodzi lalikulu, mumayenda pa timilatho tamatabwa, ndipo ndi malo okhawo pa ulendowu omwe dzuwa silikupezani. Muona nyumba zosanja kawiri ndi katatu, mitsuko ikuluikulu yofika m'chiuno itaima pomwe eni ake anaisiya, ndi masitepe a miyala osweka pakati chifukwa cha chivomerezi chomwe chinatsogolera kuphulikako. Pansi pa tinjira pali ngalande zochotsa madzi oipa, zolumikizana ndi mapaipi a dongo ochokera m'nyumba. Mafupa a anthu sanapezekemo, kusonyeza kuti eni mudzi anaona zizindikiro n'kuthawa nthawi ilipo. Popanda wokufotokozerani, zonsezi zimangooneka makoma otuwa, ndipo taona anthu akutuluka patangotha mphindi 15 atalipira 20 euro aliyense. Ndi wachiphaso, ola limatha osadziwa. Dziwaninso kuti zithunzi zotchuka za pamakoma sizili pano. Anyani a buluu ali ku nyumba ya ku Fira ija, pamodzi ndi kambuzi ka golide komwe kanapezeka mu 1999. Anyamata omenyana nkhonya ali ku Athens.

Pafupi pomwepo pali Red Beach. Kuchoka poimika galimoto ndi mphindi zisanu mpaka khumi pa miyala yogumuka kufika poonera. Imani pomwepo, jambulani, bwererani. Thanthwe lofiiralo limagumuka ndipo zikwangwani zochenjeza zilipo. Wofuna kusambira apite ku Perivolos kapena Perissa, gombe lalitali la mchenga wakuda. Masana mchengawo umawotcha mapazi ngati chiwaya, musavule nsapato kutali ndi madzi.

Phiri la Profitis Ilias, mamita 567, ndi pamwamba penipeni pa chilumba. Pali nyumba ya amonke yomwe inayamba mu 1711. Mphindi 20 zimakwana, ndipo m'mawa kukakhala koyera mumaona chilumba chonse chitapindika ngati mwezi wongokhala kumene. Kukakhala nkhungu pansonga, dalaivala wabwino amakuuzani muli kunsi kuti musataye nthawi. Kunsi kwa phirili kuli Pyrgos, mudzi womangidwa mozungulira linga, masitepe okhaokha. Megalochori ndi wathyathyathya, wabata, uli ndi chipata cha mabelu chodutsa pamwamba pa kanjira. Sankhani umodzi mwa iwiriyi, osati yonse.

M'mbali mwa msewu muona mitengo ya mpesa yomwe simungaizindikire msanga. Siimangiriridwa pa waya. Alimi amaipota pansi ngati nkhata, mphesa zili m'kati, kuteteza ku mphepo ndi mchenga wouluka, ndipo nthaka ya phulusayo imasunga chinyezi cha usiku popeza mvula ya m'chilimwe kulibe. Mtundu waukulu ndi Assyrtiko. Santo Wines, ya mgwirizano wa alimi, ndi Venetsanos zili pamwamba pa Athinios, zoyang'ana m'chidzenje muja. Kulawa vinyo kumalipiridwa padera ndipo kumatenga mphindi 45 kapena ola. Ngati simumwa, nenani polembetsa, chifukwa makampani ambiri amangokuyikani pa ndandandayo. Ola limenelo mulidyere fava, nandolo zachikasu zosinja zothira mafuta a olivi ndi anyezi, ndi tomatokeftedes, zitumbuwa za tomato wamng'onomng'ono wa konkuno.

Lachinayi, kuwerenga zotsatsa

Lero sitinayende. Tinakhala pansi ndi zotsatsa za makampani angapo n'kuziyika pa wotchi ya masiku awiri apitawa.

Chotsatsa cholonjeza malo asanu ndi atatu m'maola anayi chimagwa pa masamu okha. Fira kupita ku Oia n'kubwerera ndi mphindi 50 msewu uli bwino. Fira kupita ku Akrotiri n'kubwerera ndi mphindi zinanso 50. Pa mphindi 240 patsala 140. Oia ikatenga 80, malo asanu ndi awiri otsalawo agawana ola limodzi, kuphatikizapo kufunafuna poimika galimoto. Maola anayi amakwana Oia, Firostefani kapena Imerovigli, phiri, ndi mudzi umodzi. Maola asanu amawonjezera gombe lakuda kapena vinyo. Akrotiri pamodzi ndi Oia zimafuna maola asanu ndi limodzi.

Mtengo uwerengeni mosamala. Ena amatchula wa galimoto yonse, ena wa munthu mmodzi koma pali chiwerengero chochepetsetsa cha anthu. M'nyengo ya alendo galimoto ya anthu awiri mpaka anayi kwa maola anayi kapena asanu nthawi zambiri imayambira cha m'ma 250 euro kupita m'mwamba. Banja la anthu asanu ndi mmodzi likagawana veni imodzi, aliyense amalipira zosasiyana kwenikweni ndi basi ya sitima. Anthu awiri okha, ndi zodula. Samalaninso ndi mawu akuti kagulu kakang'ono. Pamenepo mukhala ndi alendo ena, galimoto idikira wochedwetsetsa, ndipo ndandanda simungaisinthe.

Musanatumize ndalama ya chikole, funsani kuti chichitike n'chiyani sitima ikapanda kuima pa Santorini. Zimachitika, kaya chifukwa cha mphepo kaya dongosolo lasintha. Kumayambiriro kwa 2025 zivomerezi zochuluka pakati pa Santorini ndi chilumba cha Amorgos zinachititsa anthu zikwi zambiri kuchoka pachilumba, sitima zina n'kusintha njira. Yankho lake likhale lolembedwa, loti ndalama ibwezedwa yonse. Funsani nambala ya kaundula wa zokopa alendo, yomwe kuno amaitcha MHTE. Kampani yolembetsedwa imakhala nayo ndipo ambiri amaiyika pansi pa tsamba lawo. Funsani kukula kwa galimoto, chifukwa veni ya anthu asanu ndi awiri imaima pafupi ndi mudzi pomwe minibasi yaikulu imakaima kutali. Muli ndi mwana, mpando wake upempheni nthawi yomweyo. Funsaninso ngati wotchi iyamba pa ola lomwe munapangana kapena pomwe mwakumana. Mukachedwa pa mzere mphindi 40, ena amazichotsa pa maola anu chifukwa madzulo ali ndi alendo ena.

Madalaivala kuno amalumikizana pa WhatsApp, ndiye foni ikhale ndi intaneti musanatsike m'boti. Onetsetsaninso ola: m'chilimwe cha kuno Greece ili patsogolo pa Malawi ndi Zambia ndi ola limodzi, ndipo sitima zina zimasunga wotchi yawoyawo. Ola lomwe limawerengedwa pobwerera ndi la sitima. Pa pasipoti ya Malawi, Zambia kapena Zimbabwe pamafunika viza ya Schengen, 90 euro kwa wamkulu, ndi inshuwalansi ya chipatala yosachepera 30,000 euro. Hayala musalipire yonse viza isanatuluke. Kuyambira July 2025 wokwera sitima ya alendo wotsika pa Santorini m'miyezi ya June mpaka September amalipira msonkho wa 20 euro, ndipo umenewu suli mu mtengo wa dalaivala.

Kodi hayala n'njofunikadi? Wogona kuno masiku atatu angathe kuyenda ndi mabasi a KTEL pa ma euro awiri kapena atatu ulendo umodzi. Vuto lake n'lakuti njira zonse zimadzera pa depoti ya ku Fira, choncho kuchoka ku Oia kupita ku Akrotiri ndi mabasi awiri ndi mizere iwiri. Matakisi ndi ochepa kwambiri, osawadalira pa tsiku lothamanga. Njinga zamoto za matayala anayi zimabwereketsedwa paliponse, koma zimagubuduzika msanga pa makona, ndipo kuno amayendetsa kumanja. Kwa wa tsiku limodzi wokhala ndi ana kapena achikulire, hayala ndi ndalama yogwiritsidwa bwino.

Lachisanu, mphepo

Usiku mphepo ya kumpoto, meltemi, inadzuka. Imaomba kwambiri mu July ndi August koma mu September imabwerabe, ndipo ikalusa imachita zomwe mwera umachita pa nyanja yathu: maboti amachedwa, sitima zothamanga zimaimitsidwa. M'mawa uno pamwamba pa chikhoma zisoti zimauluka, koma m'kati mwa chidzenje madzi anali abwinoko, ndipo boti lopita ku phiri la moto linanyamuka.

Ulendo umenewu ndi woyenera kuuganizira m'malo mwa galimoto, chifukwa umayambira pa doko lakale lomwelo. Wotsika pa sitima sakufunika cable car konse. Umatenga maola pafupifupi atatu. Boti limaima pa Nea Kameni, kachilumba ka miyala yakuda komwe kanaphulika komaliza mu 1950. Kukwera kufika pakamwa pa phiri ndi mphindi 25 mpaka 30 pa miyala yakuthwa, mthunzi palibe, nsapato zotseka ndi botolo la madzi n'zofunika, ndipo pa geti pali kandalama kolowera. Pamwamba pali timing'alu totulutsa nthunzi yonunkha ngati dzira lowola, kuyika dzanja pafupi kumatentha. Kenako boti limaima pafupi ndi akasupe a Palea Kameni. Silifika pagombe, mumadumphira m'madzi akuya n'kusambira mamita makumi angapo. Wosadziwa kusambira akhale m'boti. Madziwo ndi ofunda chabe, a mtundu wa dzimbiri, ndipo amadetsa zovala zoyera mosachapika. Makampani ena amagulitsa boti lanulanu, koma mtengo wake umaposa wa galimoto, ndipo tsiku la mphepo ndi loyamba kulephereka.

Madzulo tinabwerera pa chipata cha cable car kukayeza mzere wotsika, womwe ndi woopsa kuposa wokwera chifukwa m'mawa anthu amakwera pang'onopang'ono koma madzulo amatsika onse pamodzi, kuphatikizapo omwe anakwera pa mabasi kudzera ku Athinios n'kuwasiya ku Fira. Tsiku la sitima zitatu kapena zinayi mzerewo umapinda m'tinjira ta masitolo n'kutenga ola kapena kuposa. Sitima siidikira munthu wa ulendo wapayekha. Ngati boti lomaliza lobwerera ku sitima lili 5 koloko, dalaivala akusiyeni ku Fira pofika 3 koloko. Mukapeza mzere wafika kutali, masitepe aja kutsika ndi mphindi 20 mpaka 30. Yendani kumbali ya khoma, imani abulu akamadutsa, ndipo tsiku limenelo musavale patapata.